Ndinkanyamula zitsulo uku ndikuwonda

Jimu ya kuseri kwa nyumba imakhala ndi benchi imodzi koma anyamata khumi. Amene anayambira kunyamula zitsulo ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Kawale akudziwa zimene ndikunena. Ukamaliza seti yako umadzuka, mnzako n'kugonapo, kenako wina, winanso, mwina wachinayi n'kuyamba wachotsako kaye zitsulo chifukwa zamulemera. Pomwe uzibwerera pabenchipo thukuta limakhala litayamba kuuma. Ine ndinayambira m'jimu yotero, kashedi ka malata kopanda chitseko m'dera lina la Ndirande. Zonyamula zake zinali madiramu a mabuleki a lole, mafulayiwilo awiri ndi zitini za penti zothiramo simenti, zonse zoyezetsa pa sikelo ya ogula chimanga n'kulembapo kulemera kwake ndi penti yoyera. Ndodo yake inali ekiselo ya galimoto yakufa. Eni malowo anali bambo achikulire amene pa unyamata wawo ankagwira ubaunsa m'tauni, ndipo tonse tinkangowaitana kuti Madala.

Zaka zoyambirira thupi linandimvera. Malaya anayamba kuthina m'mapewa, batani la pakhosi osamangika, ndipo oitanira minibasi pasiteji ankandikuwira kuti, "Adzitho, malo alipo kutsogolo!" Ndinalibe wotchi, ndinalibe buku. Ndinkanyamula ikafika nthawi yanga, ikatha n'kumadikira uku tikukangana za mpira.

Zinthu zinasintha nditapeza ntchito pamalo ena osungiramo katundu ku Limbe. Tinkaweruka mochedwa, moti ndikamafika kwathu Madala amakhala atakoleka kale unyolo pa zitsulo zawo. Ndinasunga ndalama, wowotcherera zitsulo wina anandipangira benchi ndi ndodo, mnzanga wa pagalaja n'kundipezera madiramu. Ndinaziika kuseri kwa nyumba ya lendi imene timakhala, pafupi ndi bafa, n'kuyamba kumanyamula m'bandakucha ndisanapite kuntchito. Mtima unali mbee. Benchi yangayanga, wodikira palibe, wondidikira palibe.

Nthawi yomweyo n'kuti nditagula foni yoonetsa mavidiyo, ndipo bandulo yambiri inkathera pa zimphona za zitsulo za kunja. Ambiri mwa iwo ankanena chimodzimodzi: wofuna mphamvu apume nthawi yaitali pakati pa maseti, koma wofuna minofu ikuluikulu asapyole mphindi imodzi, masekondi 30 ndiye bwino zedi. Mawu amenewa anandikomera. Ndinali ndi nthawi yochepa minibasi zisanayambe kudzaza, komanso kupuma pang'ono kumakupatsa chinthu chimene wonyamula zitsulo aliyense amachikonda, pampu. Mikono imafufuma, mitsempha n'kutuluka, khungu kuchita kuthina, mnofu ukuwotcha m'kati. Ukadziyang'ana pa kagalasi ka m'bafa umati lero ndiye ndakula. Pofika nkhomaliro zonsezo zimakhala zitaphwa, koma pamenepo uli kale kuntchito, ndani akuyang'ananso pagalasi?

Ndinali ndi kope la sukulu limene ndinkalembamo zimene ndanyamula tsiku lililonse. Makilogalamu 60 amene kwa Madala ndinkawakankha pabenchi kakhumi seti iliyonse, kwathu ankayenda motere: seti yoyamba 10, yachiwiri 7, yachitatu 5. Kuti ndizifikitsa khumi ndinayamba kumachotsako zitsulo. Mwezi ndi mwezi ndodo inkapepuka, chonsecho ine ndikutopa kuposa kale. Ndikamaliza sikwati ndinkakhala pa njerwa mutu uli pakati pa mawondo, chizungulire chili tho, nseru itafika pakhosi. Phala limene akazi anga ankandiphikira ndinkangolilawa, tiyi n'kumusiya azizire. Ndinkapita kuntchito m'mimba muli pululu, kukasenza matumba mpaka madzulo. Lamba anasuntha bowo limodzi, kenako lachiwiri, kulowa m'kati.

Kwathu kuno munthu wa thupi akayamba kuwonda, anthu safunsa mwiniwake, amafunsana okhaokha. Amayi oyandikana nawo nyumba anayamba kumatsitsa mawu pampopi akazi anga akafika. Usiku wina ana atagona, akazi angawo anandikhazika pansi.

"Amunanga, ngati pali chimene mukundibisira, ndiuzeni ine. Tipite tikayezetse limodzi."

Tinapitadi kuchipatala tonse awiri. Anatiyeza HIV, ine anandiyezanso malungo, shuga ndi makhololo poganizira TB. Zonse zinatuluka bwino. Mtima unakhala pansi, inde, koma funso linali pomwepo: munthu wosadwala, wonyamula zitsulo pafupifupi m'mawa uliwonse, akuwonderanji? Yankho limene ndinalipeza ndekha linali loti ntchito ikuchepa. Ndinawonjezera maseti, nthawi yopuma n'kuidulanso.

M'mawa wina mu Juni, kunja kuli chiperoni, ndinagona pabenchi kuti ndikankhe seti yachinayi mtima usanakhazikike. Ndodo inatsika bwinobwino, koma pokwera inaima pakati. Mkono wamanja unayamba kunjenjemera, m'phewa munalira kuti thwa, ndodo n'kundikhalira pachifuwa. Amene sanapanikizidwepo ndi chitsulo sadziwa kuti sungathe n'kukuwa komwe, mpweya wokuwira umakhala ulibe. Ndinangomenyetsa chidendene pa chidebe chimene chinali pafupi. Akazi anga anatuluka atangodzikulunga chitenje, anayesa kunyamula, osasuntha, n'kuthamangira kukagogoda kwa aneba. Bambo a nyumba yoyandikana nafe, opalasa njinga ya kabaza, ndi amene anapendeketsa ndodoyo mpaka madiramu a mbali imodzi anagwera pansi.

Nthiti sizinathyoke, zinangosupuka, koma kwa masabata angapo kutsokomola kapena kuseka kunali chilango. Phewa ndiye linakaniratu, mkono osakwera kupyola khutu. Kuntchito anandiika powerengera katundu, ndipo akapitawo anandiuza mosapita m'mbali kuti mwezi ukatha ndisanayambenso kusenza, apeza wina. Panthawiyo mwana wathu wamkulu n'kuti akuyembekezera kuyamba Fomu 1. Akazi anga anati zitsulo zija azigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, ndipo ine sindinawatsutse.

Amene anazipulumutsa ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa akazi anga, mtsikana amene panthawiyo ankaphunzira physiotherapy ku Kamuzu University of Health Sciences mu Blantyre momwemuno. Anabwera Loweruka kudzandizonda. Anandikweza mkono uku ndi uku, kufunsa pamene pakupweteka, kenako anapempha chubu chakutha cha njinga kwa aneba aja. Anachimangirira pa chitseko n'kundionetsa mokokera, chigongono chitagunda m'nthiti, pang'onopang'ono, kuti timinofu ta m'kati mwa phewa tilimbe. Atamaliza anaona kope lija pawindo, n'kuyamba kulitsegula.

"Alamu, apa pa 10 ndi apa pa 7, pakati pake mumakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Ndimawerenga mpaka 30. Ndikatopa kwambiri, 40."

"Nanga kwa Madala kuja?"

"Kumene kuja sitinkawerenga. Tinkangodikirana."

"Anthu angati?"

"Anayi, mwina asanu."

Anaseka mpaka anagwira pakamwa. "Ndiye kuti kumene kuja munkapuma mphindi zitatu kapena zinayi inu osadziwa. Mzere uja ndi umene unkakukulitsani, alamu."

Anandifotokozera, ine n'kumalemba kumapeto kwa kope lomwelo. Mnofu ukamakoka chinthu cholemera umagwiritsa ntchito mphamvu yotchedwa ATP, ndipo imene imakhala yokonzeka kale m'mnofumo ndi yochepa kwambiri, ya masekondi owerengeka. Kuti isathe, thupi limaibwezeretsa mwachangu kuchokera ku nkhokwe ina yaing'ono yotchedwa phosphocreatine, koma nayonso ukamagwira ntchito ndi mphamvu zako zonse imatsika kwambiri m'masekondi pafupifupi 10. Ukatsitsa ndodo, nkhokweyi imayamba kudzazanso. Theka lake limabwerera m'masekondi ngati 30, koma kuti iyandikire kudzaza pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu. Komanso asidi amene amachuluka m'mnofu pa seti yaitali, uja amakupangitsa kumva kuwotcha, sachoka msanga. Iye anati zili ngati chitsime cha m'dambo mu Okutobala: chidebe choyamba chimatuluka chodzaza, ukabwezera pomwepo umatunga theka, kachitatu umakoka matope. Madzi alimo, akufuna uwadikire asefukire.

Kenako anatenga cholembera n'kuchita masamu a ku pulayimale. Kukankha 10, 7 ndi 5 ndi maulendo 22. Kuchulukitsa ndi 60, ndi makilogalamu 1,320. Munthu yemweyo atapuma mokwanira n'kukankha 10, 9 ndi 9, ndi maulendo 28, makilogalamu 1,680. Chimene chimauza mnofu kuti ukule, iye anatero, ndi kukokedwa mwamphamvu ndi katundu wolemera, mobwerezabwereza, mpaka kuyandikira pamene sungathenso. Thukuta, wefuwefu ndi nseru zimangosonyeza kuti watopa. Ine ndinkatopa kwambiri koma ndikupatsa chifuwa ntchito yochepa, ndipo nditayamba kuchotsa zitsulo ntchitoyo inachepa kuposa pamenepo. Pampu ija ndi magazi ndi madzi amene amadzaza m'mnofu kwa kanthawi, n'chifukwa chake pofika masana imakhala itapita.

Sindinavomere msanga. Mlamu ndi mwana, ndinamuona akuyamba sukulu. Ndinamufunsa kuti ndiye kuti zimphona zonse za pafoni zija n'zabodza? Anati ayi, mawu awo ali ndi pochokera. Mu 1990 wofufuza wina wa ku America, William Kraemer, ndi anzake anapeza kuti munthu akanyamula maulendo 10 n'kumapuma mphindi imodzi yokha, growth hormone amakwera kwambiri m'magazi kuposa akamapuma mphindi zitatu. Anthu anamva dzina la homoniyo n'kuganiza kuti nkhani yatha, ndipo kwa zaka zambiri mabuku ndi magazini a zitsulo ankaphunzitsa kuti kupuma pang'ono ndi njira ya minofu. Koma kukwera kwa homoni kwa kanthawi kochepa ndi kwina, kukula kwa mnofu pakatha miyezi ndi kwinanso. Mu 2010, Daniel West ndi Stuart Phillips a ku McMaster University ku Canada anayesa zimenezi mochenjera. Anatenga anyamata 12 kwa masabata 15. Mkono umodzi ankaulimbitsa pawokha tsiku lake, mahomoni ali pansi. Mkono winawo ankaulimbitsa tsiku lina n'kutsatiza ntchito yolemera ya miyendo kuti mahomoni akwere. Pomaliza mikono yonse iwiri inakula mofanana.

Ine ndiwonjezerepo langa: ena mwa akuluakulu a m'mavidiyo aja amabaya mankhwala okulitsa thupi, ndipo ena amavomera poyera. Wotero akhoza kupuma mmene angafunire n'kukulabe. Ife a nsima ya mgaiwa ndi usipa tikamakopera ndondomeko yake timakhala tikukopera theka la nkhani.

Kafukufuku amene anandigonjetsa ndi wa mu 2016, wa Brad Schoenfeld wa ku Lehman College ku New York. Mlamu anandionetsa pafoni pake n'kumandimasulira. Anatenga amuna 21 ozolowera kale zitsulo, osati ongoyamba kumene, n'kuwagawa pawiri. Onse ankachita zofanana kwa masabata 8: masiku atatu pa sabata, mitundu 7 ya kanyamulidwe, maseti atatuatatu a maulendo 8 mpaka 12. Kusiyana kunali kumodzi, ena ankapuma mphindi imodzi, ena zitatu. Pomaliza, opuma mphindi zitatu anawonjezera mphamvu kwambiri pa sikwati ndi pabenchi, ndipo atawayeza ndi makina a ultrasound, mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu unali utakula kuposa wa anzawo aja. Maulendo 8 mpaka 12 ndi omwe ine ndinkachita. Mphindi imodzi imene inagonjayo, ine sindinkaifika n'komwe.

Phewa linayamba kumvera chubu. Mwezi usanathe ndinayambanso kusenza, kuyambira timakatoni topepuka, ndipo ntchito inatsala. Zitsulo ndinabwerera nazo patapita nthawi, mlamu atavomereza, ndipo akazi anga anaika lamulo lawo: sindidzagonanso pansi pa ndodo popanda chondigwirira. Wowotcherera uja anandipangira timizati tiwiri ta m'mbali mwa benchi, totalika kupitirira chifuwa pang'ono, kuti ndodo ikandikana izikhalira pamenepo.

Ndinkaganiza kuti chovuta chidzakhala kuyambiranso ndi ndodo yopanda kanthu. Chovuta chinali kukhala pansi. Mphindi zitatu ukakhala wekha kuseri kwa nyumba, kunja kusanache bwino, n'zazitali modabwitsa. Pakatha mphindi imodzi mpweya umakhala utabwerera, mtima watsika, ndipo thupi limakunamiza kuti wakonzeka. Mapapo amachira msanga kuposa mnofu. Ndinkaika foni pa njerwa, alamu ya mphindi zitatu, n'kudziletsa kugwira ndodo isanalire. Masiku oyamba ndinkamva manyazi ngati aneba akundiona ndikujomba. Ndinayamba kumasesa pakhomo pa nthawi yodikirayo, mpaka akazi anga anati zitsulozi tsopano zayamba kuthandiza banja.

Nthawi ya m'mawa sinatalike, choncho china chake chinayenera kuchoka. Ndinasiya timitundu tambirimbiri timene ndinkapanikiza m'mphindi 40, n'kutsala ndi zikuluzikulu: sikwati, benchi, kukoka ndodo kuchokera pansi, kukokera kumimba, ndi kukankhira m'mwamba phewa litalola. Masiku ndinawachepetsa kufika atatu pa sabata. Mlamu anandiphunzitsanso kanjira kopulumutsa nthawi, kosinthanitsa ntchito ziwiri zosalimbana. Ndikakankha pabenchi ndimapuma mphindi imodzi ndi theka, ndikoke za msana, ndipumenso mphindi imodzi ndi theka, ndiye ndibwerere pabenchi. Chifuwa chimakhala chapuma kupitirira mphindi zitatu koma ine sindinangokhala. Pa sikwati zimenezi sizitheka, chifukwa imatopetsa thupi lonse. Pamenepo ndimakhala pansi basi.

Manambala a m'kope anayamba kugwirana. Seti yachiwiri inasiya kugwa, yachitatu n'kumatsika ndi kamodzi kapena kawiri. Madiramu amene ndinawachotsa anabwerera limodzilimodzi, ndipo chaka chisanathe ndinapyola 60 ija. Koma ndisanamize munthu kuti mphindi zitatu zokha ndi zimene zinabweza thupi langa. Nseru itatha ndinayambanso kudya m'mawa, ndipo chimenechi mwina chinachita theka la ntchito. Ofufuza a ku McMaster komwe kuja, ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2018, anapeza kuti wonyamula zitsulo amapindula ndi mapulotini mpaka pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 70 amenewo ndi magalamu 112, pamene dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Pa malipiro anga sindifikapo masiku onse. Ndimayesetsa ndi nyemba, soya pisi, usipa, mtedza m'phala ndi mazira mwezi ukangotha kumene. Kale ndinkanyamuka m'nyumba ndi madzi okha m'mimba.

Chinanso n'choti mphindi zitatu si lamulo lochokera kumwamba, ngakhale kuti ndili wotentha nazo ndinkalalikira choncho kwa aliyense. Ofufuza a ku Brazil, mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022, anaonetsa kuti opuma mphindi imodzi akawonjezera maseti mpaka katundu yense amene anyamula afanane ndi wa opuma mphindi zitatu, minofu imakula mofanana. Ndiye kuti chachikulu ndi kuchuluka kwa ntchito imene mnofu wagwira, ndipo kupuma ndi njira yofikira pamenepo. Mu 2024 gulu la Schoenfeld linaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti kupuma kupitirira masekondi 60 kuli ndi phindu, ngakhale si lalikulu kwambiri, koma kupitirira masekondi 90 kusiyana kwake pa kukula kwa minofu sikunaoneke bwino. Zimenezi zinanditsitsa mawu pang'ono. Panopa ndimayang'ana kope kuposa wotchi. Seti yachiwiri ikagwa ndi maulendo atatu kapena anayi, ndimadziwa kuti ndinafulumira. Pa za mikono ndi zazing'ono zina mphindi imodzi ndi theka imandikwanira. Pabenchi ndimafuna ziwiri kapena zitatu, pa sikwati zitatu, tsiku lolemera zinayi.

Lamlungu lina ndinapita kukawaona Madala n'kuwafotokozera zonsezi, za phosphocreatine, za ku Canada, za ku New York. Anamvetsera uku akumanga waya pa chitini chimene chinang'ambika.

"Mwana wanga, ndiye azunguwo anawononga ndalama kuti apeze zoti munthu azipuma?"

"Anafuna adziwe kuti azipuma nthawi yaitali bwanji, Madala."

"Mpaka manja asiye kunjenjemera. Ukanabwera kudzandifunsa usanagone pansi pa chitsulo wekha."

Sanagwirizane nane pa zonse. Iwo amakhulupirirabe kuti tsiku limodzi pa sabata mnyamata azithamangitsidwa popanda kupuma kuti alimbe mtima, ndipo anyamata awo amachitadi zimenezo Lachisanu, ndi zitsulo zopepuka, pali anthu owagwirira. Ndinawauza kuti zimenezo zimathandiza mpweya, osati kukula. Anati ubaunsa umafuna mpweya, ndipo pamenepo ndinalibe choyankha.

Phewa lamanja silinabwerere kwenikweni mmene linalili. Kukazizira limalira ndikamavala malaya, ndipo pabenchi sinditsitsanso ndodo zigongono zili tambalala ngati kale, ndimazibweza pafupi ndi nthiti. Chubu chija chidakali pa chitseko, ndimayamba nacho ndisanagwire chitsulo chilichonse. Mlamu anamaliza sukulu, akugwira ntchito pachipatala china kumpoto, ndipo mwezi ukatha amandiuza kuti ndimujambulire tsamba la kope pa WhatsApp. Mwezi watha anazunguliza mzere wofiira pa sikwati, pamene panali 8, 8, 5, n'kulemba kuti, "Alamu, apa munkathamangira kuti?" Ndinkathamangira minibasi. Sabata ino ndayamba kudzuka mofulumirako ndi mphindi khumi.